Makamera ali mbwee pabwalo la NFL, nanga bwanji mikangano siikutha?

Funso: Ndine Mmalawi, ndimakhala ku South Bend m'chigawo cha Indiana, ndipo mwana wanga wamwamuna wandikokera ku mpira wa kuno, uja wa zisoti. Chikundidabwitsa n'chakuti masewero a NFL, ligi yaikulu ya mpirawu, ali ndi makamera ponseponse, oyimbira amaimitsa mpira n'kukaonera kanema, koma Lolemba lililonse anzanga kuntchito amangokhalira kudandaula kuti timu yawo yaberedwa. Ndinkaganiza kuti mavuto a VAR ndi a mpira wathu wa miyendo wokha. Kodi kanema wobwerezayu vuto lake n'chiyani? Si bwino angomusiya?

Yankho: Zikomo bambo chifukwa cha funso lanu. Anzanu akuntchitowo nthawi zina amakhala akungolira poti timu yawo yagonja, monga amachitira masapota kulikonse. Koma kawirikawiri amakhala ali ndi mfundo. Kamera imadziwa kuyankha funso la mtundu umodzi: phazi linaponda mzere kapena ayi, bondo linagunda pansi mpira usanadutse kapena utadutsa. Milandu yambiri yomwe imakanganitsa anthu mpaka Lolemba si ya mtundu umenewo. Imafuna munthu woti aweruze, ndipo kanema samuchotsa munthuyo. Amangomusamutsa kuchoka pabwalo kupita m'chipinda china kutali, uku ochemerera atalonjezedwa chilungamo chathunthu chomwe palibe angachipereke.

Poti masewerowa mwangowayamba kumene, ndifotokoze kaye momwe zimayendera. Pabwalo pamakhala oyimbira 7, ndipo wamkulu wawo ndi uja wa kapu yoyera. Mphunzitsi akaona kuti chigamulo chapotoka amaponya kansalu kofiira pabwalo, kumene kuli kuchita apilo. Amaloledwa kutero kawiri pa masewero amodzi, ndipo kuyambira 2024 amapatsidwa mwayi wachitatu ngati imodzi mwa apilo ziwirizo yapambana. Apilo ikalephera timu imalandidwa timeout imodzi, uja mpata woimitsa wotchi womwe umasanduka golide kumapeto kwa masewero. Masewero ali ndi zigawo zinayi, ndipo m'mphindi ziwiri zomaliza za chigawo chachiwiri ndi chachinayi mphunzitsi alibenso mphamvu yoponya kansaluko; wokhala pa makina ndiye amaitanitsa kuti aunikenso. Kuyambira 2011 chigoli chilichonse chimaunikidwa popanda wopempha, ndipo mu 2012 anawonjezerapo nthawi zonse pamene mpira walandidwa ndi timu inayo. Kuchokera mu 2017 mawu omaliza salinso m'kamwa mwa wa kapu yoyera. Iye amayang'ana pa tabuleti m'mbali mwa bwalo, koma chigamulo chimachokera ku likulu la ligi ku New York. Lamulo limati zomwe agamula pabwalo zisinthidwe pokhapokha kanema akaonetsa umboni woonekeratu, wosachita kufunsa.

Zoti angomusiya kanemayu, anayesapo kale. NFL inayamba kumugwiritsa ntchito mu 1986, zaka zoposa 30 VAR isanalowe mu Premier League. Chaka choyambacho chisanathe panachitika zoseketsa pa masewero a Raiders ndi Kansas City Chiefs. Dokie Williams wa Raiders anawakha mpira m'mphepete mwa malo ogoletsera, oyimbira n'kupereka touchdown, chomwe ndi chigoli chachikulu cha mpirawu. Wa pa makina ataona kuti mapazi sanatere bwino mkati anayankhula pa wayilesi ya m'manja kuti "pass incomplete", kutanthauza kuti sanaugwire. Mnzake pabwalo, m'phokoso la anthu, anamva kuti "pass is complete", chigoli n'kukhala. Ngati mumatsatira mpira wa ku England mukukumbukira zomwe zinamuonekera Luis Díaz wa Liverpool ku Tottenham pa 30 Sepitembala 2023, pamene wa VAR ananena kuti "check complete" akuganiza kuti akuvomereza chigoli, pomwe ankatsimikizira kuti chakanidwa. Makina anali atasintha kwambiri pa zaka 37 zimenezo, makutu ndi pakamwa pa munthu zili zomwezo. Mu 1991 ligi yokha inapeza kuti mwa zigamulo 90 zomwe zinasinthidwa ndi kanema, 9 zinasinthidwa molakwika. Mu 1992 eni matimu anavota, ofuna kupitiriza anali 17 pomwe pankafunika 21, kanema n'kuchotsedwa.

Anakhala choncho zaka 7. Chinamubwezeretsa ndi chisoti cha Vinny Testaverde, wosewera wa New York Jets. Pa 6 Disembala 1998, New York Jets inagonjetsa Seattle Seahawks 32-31 ndi touchdown yomwe dziko lonse linaona pa TV kuti chomwe chinafika pa mzere ndi chisoti chake, mpira unatsalira kumbuyo. Seattle inalephera kulowa m'ndime yachipulula, mphunzitsi wawo Dennis Erickson n'kuchotsedwa ntchito. Mu 1999 kanema anabwerera, limodzi ndi ufulu wa mphunzitsi wochita apilo. Chimenechi musachiiwale pamene ndikumudzudzula m'munsimu: munthu wokhala pa sofa kunyumba akamaona bwino kuposa woyimbira, ligi singayerekeze kunamizira kuti sikuona.

Vuto lalikulu, m'kuona kwanga, ndi lomwe anthu salitchula msanga. Kanema analowerera m'malamulo enieniwo n'kuwasokoneza. Tengani chinthu chosavuta ngati kuwakha mpira. Kale, kuwakha kunali chomwe diso lozolowera linaona pa liwiro lenileni la masewero: munthu walumpha, waugwira, watera, basi. Koma mukatenga sekondi imodzi n'kuiduladula m'zithunzi zambirimbiri, mupeza kuti mpira sukhala phee m'manja mwa munthu yemwe akugwa wina atamukolera miyendo. Umagwedera, umatembenuka, nsonga yake imakhudza udzu. Ndiye pamabuka mafunso omwe kale kunalibe owafunsa. Kugwedera kwake kufike pati kuti tinene kuti sanaugwire? Akhale nawo nthawi yaitali bwanji? Mu Januwale 2000, chaka choyamba chenicheni kanema atabwerera, Bert Emanuel wa Tampa Bay Buccaneers anagwira mpira zolimba ndi manja awiri pa masewero olimbirana malo a ku Super Bowl, ndime yomaliza yolimbirana chikho cha NFL, koma nsonga inakhudza pansi. Anaonera kanema n'kukana. St. Louis Rams inapambana 11-6, ndipo ligi inasintha lamulo chaka chomwecho. Kusintha kumeneko kunali koyamba pa mndandanda wautali, chifukwa chiganizo chilichonse chomwe ankawonjezera pofuna kuyankha kamera chinkabala funso lina.

Chomwe chinatuluka ndi lamulo lakuti wosewera amene akugwa powakha mpira ayenera kuusunga mpaka kugwa kwake kuthe. Pomveka ndi lanzeru. Onani zomwe linachita pa 11 Januwale 2015 ku Lambeau Field, kwawo kwa Green Bay Packers. Dallas Cowboys inali kumbuyo 26-21 m'ndime yachipulula, kutatsala mphindi zosakwana zisanu. Unali mpata wawo wachinayi, womaliza mwa mipata inayi yomwe timu imapatsidwa kuti ipite mayadi 10, ndipo ankafunika mayadi awiri okha. Tony Romo, woponya mpira wa Cowboys, m'malo moponya pafupi anautumiza patali chakumanzere. Dez Bryant analumpha kuposa Sam Shields yemwe ankamulondera, n'kuuwakha m'mwamba ndi manja onse awiri. Anatera, phazi loyamba, lachiwiri, lachitatu, thupi likupendekera kutsogolo, kenaka mpira uli kudzanja lamanzere anatambasula mkono kufuna kufikira mzere wa chigoli. Mkono utagunda pansi mpira unadumpha, iye akugubuduka n'kuugwiranso. Woyimbira yemwe anali pomwepo anati wagwira, mpira uikidwe pafupi ndi mzere. Mike McCarthy wa Packers anaponya kansalu kofiira. Woyimbira wamkulu Gene Steratore anakaonera kanema, pobwerako n'kulengeza kuti Bryant sanaugwire mpirawo. Dallas sinaugwirenso mpira mpaka masewero kutha.

Mwa lamulo la nthawi imeneyo, Steratore anali ndi poimira. Ndiye pamene pakupwetekapo. Mwana wa zaka 10 akanakuuzani kuti munthuyo wawakha mpira, wayenda nawo, wafuna kugoletsa. Lamulo lolembedwa kuti likhutiritse kanema woyenda pang'onopang'ono linati ayi. Steratore yemweyo ndi amene anali pabwalo mu Sepitembala 2010 ku Chicago pamene Calvin Johnson wa Detroit Lions anawakha mpira m'malo ogoletsera, kukhala pansi, kuusiya pa udzu podzuka kuti akasangalale, n'kuuzidwa kuti palibe chigoli. Chicago Bears inapambana 19-14. Pa 17 Disembala 2017 zinamugwera Jesse James wa Pittsburgh Steelers, New England Patriots n'kupambana 27-24. Apo ndiye anthu anatopa. Mu Malichi 2018 ligi inalembanso lamulo lonselo, ndipo akuluakulu a komiti yoona za malamulo anavomera poyera kuti za Bryant ndi Johnson zinayenera kukhala zowakha. Kuvomera kwake kunabwera patapita zaka zitatu kwa wina, pafupifupi 8 kwa mnzake, ndipo sikunabweze kanthu kwa aliyense.

Nkhani ya Tom Brady, woponya mpira wa Patriots, m'chipale chofewa pa 19 Januwale 2002 ndi ya mtundu womwewo. Charles Woodson wa Oakland Raiders anamugunda, mpira n'kugwa, a Raiders n'kuutola, aliyense n'kuona kuti masewero atha. Woyimbira wamkulu Walt Coleman ataonera kanema anakumbutsa anthu kalamulo komwe ambiri sankakadziwa, konena kuti mkono wa woponya ukangoyamba kupita kutsogolo, ngakhale akuubweza mpirawo pathupi, kugwa kwake kumatengedwa ngati kuponya kolephera. Patriots inapambana 16-13 m'nthawi yowonjezera, n'kukatenga chikho chake choyamba. Kalamuloko anakachotsa mu 2013.

Palinso china chomwe kanema woyenda pang'onopang'ono amachita m'mutu mwa woonera. Mu 2016 Eugene Caruso ndi anzake anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti anthu akaonera chochitika pa liwiro lochepetsedwa amakhulupirira kwambiri kuti wochitayo anachita dala. Chimodzi mwa zomwe anaonetsa anthu chinali wosewera wa NFL akugunda mnzake chisoti ku chisoti. Chifukwa chake n'chomveka. Chinthu chomwe chinatenga kuphethira kwa diso chikamaoneka kwa masekondi anayi kapena asanu, mtima umaganiza kuti munthuyo anali ndi nthawi yolingalira ndi kusintha maganizo. Iye analibe. Ku mpira wa m'makoleji, komwe wosewera amatulutsidwa m'bwalo pa mlandu wolunjika mutu wa mnzake ndipo mlanduwo umaunikidwa pa kanema, zimenezi si nkhani ya m'buku chabe.

Tsopano tibwere ku chomwe ndikuganiza kuti anzanu amadandaula nacho kwambiri: malire a zomwe kanema amaloledwa kuona. Si chilichonse chimaunikidwa. Milandu yambiri ya kansalu kachikasu, komwe woyimbira amaponya wosewera akalakwa, monga kukoka mnzako kapena kumugunda mpira usanamufike, ligi imaitenga kuti ndi ya diso la woyimbira. Zotsatira zake n'zakuti masewero amaima mphindi zitatu kufufuza ngati chala chaphazi chinakhudza mzere, pomwe mlandu womwe bwalo lonse lauona umadutsa popanda woutchula. Pa 20 Januwale 2019 ku New Orleans, Saints ndi Los Angeles Rams zinali 20-20, kutatsala mphindi imodzi ndi masekondi 49, wopambana akupita ku Super Bowl. Drew Brees wa Saints anaponyera mnzake Tommylee Lewis chakumanja. Nickell Robey-Coleman wa Rams anabwera chothamanga, osayang'ana n'komwe kumene kuli mpira, n'kumuwomba Lewis mpirawo usanafike, chisoti ku chisoti. Milandu iwiri pa kugunda kumodzi. Palibe kansalu kanagwa. Kakanagwa, Saints ikanadya wotchi mpaka pafupi ndi kumapeto n'kumenya mpira wosavuta wopambanira. Rams inapambana 26-23 m'nthawi yowonjezera. Makamera onse anajambula, New York inaona, ndipo lamulo linawamanga manja. Robey-Coleman anamulipiritsa chindapusa patapita masiku ochepa, zomwe kwa anthu a ku New Orleans zinali ngati kuwaseka.

Ligi itachita manyazi inalola kuti mlandu umenewu, womwe amautcha pass interference, uziunikidwa mu 2019. Apa ndiye mpamene phunziro lonse lagona. Chaka chimenecho panali kuunika 101 kwa mlanduwu, zosinthidwa zinali 24 zokha. Mwa apilo 81 zomwe aphunzitsi anachita, zinapambana ndi 13. Aphunzitsi ankaponya kansalu pa zinthu zooneka ndi maso, yankho n'kubwera lakuti chigamulo chikhale momwemo, mpaka ambiri anangogwa ulesi. Ena amati a ku New York anachita dala kuti lamulolo life, ndipo mwina pali choonadi pamenepo. Koma ngakhale akanalifuna ndi mtima wonse, akanagwira njakata. Pa mpira uliwonse woponyedwa patali, anthu awiri akuthamangawo amagwiranagwirana. Pa liwiro lenileni woyimbira amadziwa kusiyanitsa kukhudzana wamba ndi kusokoneza. Pa kanema wochedwetsedwa dzanja lililonse limaoneka ngati mlandu. Ukatsatira kanema uyenera kulanga pafupifupi mpira uliwonse, ukapanda kumutsatira anthu akufunsa kuti nanga munamubweretseranji. Lamulolo linakhala chaka chimodzi, mu 2020 analisiya mwakachetechete.

Ndiye malire alipobe, angosuntha pang'ono. Pa 24 Okutobala 2024 Minnesota Vikings inali kumbuyo 28-20 kwa Rams kutatsala mphindi zosakwana ziwiri, pamene Byron Young wa Rams anagwetsa Sam Darnold wa Vikings m'malo ogoletsera omwe a Vikings ankateteza, atamukoka zitsulo za kumaso kwa chisoti mpaka mutu kutembenuka. Oyimbira sanaone. Rams inapatsidwa mapointi awiri, masewero n'kuthera pomwepo pa 30-20. Poti panalowa mapointi, chochitikacho chinali choyenera kuunikidwa, koma wounikayo sankaloledwa kutchula dzanja lomwe linali pakati pa chithunzi. Mu 2025 anapatsa wa pa makina mphamvu yochotsa kansalu kachikasu koponyedwa molakwika pa milandu ngati imeneyi. Yoponya kansalu komwe sikanaponyedwe sanamupatse. Zomwe zinamuchitikira Darnold zitachitikanso, yankho likhala lomwelo.

Pali zinthu zina zomwe kanema, ngakhale aone bwino chotani, sangazibweze. Choyamba ndi kherere. Ikalira osewera amaima, ndipo zomwe zikanachitika sizidzadziwikanso. Mu Sepitembala 2008 Jay Cutler wa Denver Broncos anapulumutsa mpira m'manja kumapeto kwa masewero, wa San Diego Chargers n'kuutola. Woyimbira wamkulu Ed Hochuli anali ataliza kale kherere poganiza kuti kunali kuponya kolephera. Kanema anaonetsa kuti walakwitsa, iye anavomera, koma lamulo silinalole kupereka mpira kwa Chargers. Denver inagoletsa n'kupambana 39-38. Anakonza lamulolo chaka chotsatira kuti wotola mpira azipatsidwa. Komabe mu Sepitembala 2019 Cameron Jordan wa Saints, Saints yomweyo, Rams yomweyo, anatola mpira wotere n'kuthamanga nawo mayadi oposa 80 mpaka kukagoletsa, kherere italira kale. Kanema anawapatsa mpira, chigoli ayi.

Pofuna kupewa zimenezi oyimbira amalangizidwa kuti akakayika asafulumire kuliza kherere, alole mpira upitirire, kanema adzakonza. Apa pali msampha womwe ochemerera ambiri sauona. Woyimbira akalola mpira kupitirira chifukwa chokayika, chigamulo cha pabwalo chimakhala chakuti mpira unapulumuka. Kuti chisinthidwe pakufunika umboni woonekeratu. Umboniwo ukasowa, chimakhazikika ndi chigamulo chomwe woyimbirayo mwina sanachikhulupirire n'komwe, anangochisiya podalira kuti wina akonza. Wa pabwalo akudalira New York, New York ikulemekeza wa pabwalo, ndipo mapanga awiri avumbwitsa.

Chachiwiri ndi wotchi. Pa 24 Sepitembala 2017 ku Detroit, Golden Tate wa Lions anawakha mpira pafupi ndi mzere, oyimbira n'kukweza manja kuti touchdown, wotchi n'kuima patatsala masekondi 8. Kanema anaonetsa kuti bondo lake linagunda pansi mpira usanafike pa mzere. Chigamulo chinasinthidwa, ndipo anachita bwino kusintha. Koma lamulo limati ngati wotchi inayenera kukhala ikuyenda, pachotsedwe masekondi 10. Lions inalibe timeout yoti ipulumutsire. Masewero anathera pompo, Atlanta Falcons 30, Lions 26, osewera ataimirira pabwalo opanda chochita. Oyimbira akanagamula molondola poyambapo, Detroit ikanakhala ndi masekondi 8 oti ithamangire kuyesa komaliza. Mwina sakanakwanitsa, koma mwayiwo unali wawo. Anaulandidwa ndi kulakwitsa kwa oyimbira kophatikiza ndi kukonza kwake.

Za kansalu kofiira ndinene mwachidule, kuti chilungamo chasanduka masewero a mwayi. Mphunzitsi yemwe wawononga apilo zake m'chigawo choyamba amangoyang'ana akuberedwa m'chigawo chachitatu. Yemwe alibe timeout sangachite apilo ngakhale ali ndi umboni wonse. Timu ikadziwa kuti yapindula ndi chigamulo chokayikitsa imathamangira kuyambitsa mpira wotsatira, poti ukangoyamba mlandu wakale watsekedwa. Ndipo pa tsiku la tchuthi la Thanksgiving mu 2012 Jim Schwartz wa Lions, atapsa mtima poona Justin Forsett wa Houston Texans akudzuka pansi pomwe anali atagwa kale n'kuthamanga mayadi 81 kukagoletsa, anaponya kansalu pa chigoli chomwe chikanaunikidwa chokha. Lamulo la nthawi imeneyo linati wotero alangidwe mayadi 15 ndipo kuunika kuthetsedwe. Chigoli chabodza chinakhala, Houston n'kupambana 34-31. Mwaona kuti dzina la Detroit likubwerabwera. Masapota awo akamalira musamawaseke.

Kamera nayonso ili ndi pothera pake. Siona mkati mwa mulu wa anthu pafupifupi 20, ambiri olemera makilogalamu oposa 100. Pa 26 Januwale 2025 ku Kansas City, Buffalo Bills ikutsogola 22-21 m'chigawo chachinayi, Josh Allen wa Bills anadzikankhira mu mulu wotere kufuna yadi imodzi pa mpata womaliza. Oyimbira awiri anathamangira kuchokera mbali ziwiri za bwalo, wina akuloza apa, wina apo. Anagamula kuti sanafike. Kanema sanathe kutsutsa chifukwa mpira sunkaoneka bwino pakati pa misana ndi zisoti. Chiefs inatenga mpira, inagoletsa, n'kupambana 32-29. Kuyambira nyengo ya 2025 ligi ikugwiritsa ntchito makamera a Hawk-Eye poyeza ngati mayadi 10 akwana, m'malo mwa matcheni aja onyamulidwa ndi anthu. Makinawo amayeza molondola zedi, koma amayeza kuchokera pamene dzanja la woyimbira laika mpira, ndipo dzanjalo limaika mongoyerekeza ndi diso. Komanso masewero onse sajambulidwa mofanana. A Lamlungu usiku, omwe dziko lonse likuonera, amakhala ndi makamera ambiri kuposa a masana pakati pa matimu awiri ovutika. Chochitika chimodzimodzi chingasinthidwe uku n'kusiyidwa uko, kungotengera kuti wa TV anatumiza zida zingati.

Za kuchedwetsa masewero sindikhalitsapo, mwaziona nokha. Wotchi imati mphindi 60, masewero amadya maola atatu, ndipo kuunika kulikonse ndi mpata wina wotsatsa malonda. Chomwe chimandiwawa ine ndi chisangalalo chomwe chasanduka cha ngongole. Munthu wagoletsa, bwalo likuphulika, koma aliyense diso lili pa kanema wamkulu kudikira kuti New York ivomereze. Timu yomwe inagwira moto imazizira, yotopa imapeza mpweya waulere.

Chomaliza ndi chikayiko. Woyimbira akalakwitsa pa liwiro la masewero, anthu amatukwana koma pansi pa mtima amadziwa kuti ndi munthu. Akalakwitsa munthu yemwe wakhala pa mpando, waonera kasanu kuchokera mbali zinayi, palibe amene amakhulupirira kuti ndi ngozi. Amati kukondera. Ndipo poti chigamulo chimachokera m'chipinda cha ligi yomwe ili ndi phindu pa matimu otchuka, pomwe kubetcha pa masewero kunafalikira m'zigawo zambiri khothi lalikulu la America litatsegula njira mu 2018, ligiyo n'kupanga ubale ndi makampani obetchetsa, mphekesera zimapeza nthaka yachonde. Ine sindikhulupirira kuti NFL imakonzeratu opambana. Koma yadziika pamalo pomwe singathe kutsimikizira anthu kuti sitero, chifukwa zokambirana za m'chipindacho anthu sazimva.

Nanga achite chiyani? Kumuchotsa kanema n'kosatheka, ndipo sindingavomereze. Ndikanakhala ndi mawu pa tebulo la eni matimu, ndikanati kanema atsale pa zinthu zomwe zili ndi yankho lakuti inde kapena ayi: mizere, bondo, wotchi, chiwerengero cha osewera, ndi yemwe watola mpira. Wounika azionera kaye pa liwiro lenileni, ndipo akaonera kawiri kapena katatu osatsimikiza, ndiye kuti umboni woonekeratu palibe, masewero apitirire. Chinthu chofunika mphindi zinayi kuti uchione sichoonekeratu. Ndikanaikanso woyimbira mmodzi wa gulu lomwelo pamwamba m'bwalo, wokhala ndi mphamvu yoponyetsa kansalu pa milandu yoika moyo pachiswe yokha, ya mutu ndi khosi, ngati ya Lewis ndi ya Darnold. Ligi yaing'ono ya AAF inayesa woyimbira wotere mu 2019. Ndikudziwa kuti akangoyamba, mawa anthu adzafuna kuti aziona zonse, ndipo tidzabwerera ku chisokonezo cha pass interference. Malirewo ayenera kulembedwa mouma ndi kutetezedwa ngakhale timu yotchuka ilire. Ndipo zokambirana za wounika ndi wa pabwalo zizimveka pa TV nthawi yomweyo, monga imachitira rugby ndi momwe ligi ina yaing'ono ya XFL inachitira mu 2020. Anthu akamumva munthu akuganiza mokweza, akunena chomwe akuona ndi chomwe sakuchiona, amatha kutsutsana naye popanda kumuyesa wakuba.

Inu poonera ndi mwana wanu, kuunika kukayamba mvetserani bwino chomwe oyimbira agamula pabwalo musanayang'ane kanema, chifukwa pa milandu yokayikitsa chimenecho ndicho chimapambana. Kenaka dzifunseni ngati chomwe chakukwiyitsanicho chili m'gulu la zololedwa kuunikidwa. Nthawi zambiri mupeza kuti sichili m'gululo, ndipo wolakwa si wa kapu yoyera koma eni matimu 32 omwe amavotera malamulowo pa msonkhano wawo wa chaka ndi chaka.